Nthomba Yopempha

Izi zidachitika mfuti isanalire m'dziko muno, Angoni asanaoloke Zambezi, masiku amene makolo athu ankavala nyanda ndi kutcheza mchere ku phulusa la udzu wa m'dambo. Midzi ya kumadzulo kwa mtsinje wa Bua inkalamulidwa ndi Mfumu Chikhwaza, wa mfunda wa Phiri. Linga lake lidali pa chitunda, lozingidwa ndi nkhadze zowirira, ndipo milandu inkakambidwa pansi pa mtengo waukulu wa mbawa.

Pa nkhondo Chikhwaza adali woopedwa, koma kunyumba kwake kudali chilonda chimene nthungo sikadachiza: mbumba yake inkatha. Ufumu wa makolo athu suyenda ndi mwana wa mfumu, umayenda ndi bele la mlongo wake. Alongo a Chikhwaza adafa mmodzimmodzi, kutsala mmodzi yekha dzina lake Msekaimfa, ndipo iyenso adaika ana m'manda mpaka misozi idamuuma. Kamwana kamodzi kakakazi ndi kamene kadakana kufa, ndipo adakatcha Tiferanji. Aliyense ankadziwa kuti Tiferanji akapita, ufumu wa Chikhwaza wathera pompo.

Chaka china, mvula itangoleka, kudadutsa amalonda a minyanga ya njovu ochokera kum'mawa, ndipo m'mapazi mwawo mudatsata nthomba. Anthu sankaitchula dzina poopa kuti ingamve ndi kucheuka. Ankangoti mlendo uja. Idayamba ndi midzi ya tsidya lija la Bua. Poyamba ng'oma za maliro zinkamveka tsiku ndi tsiku, kenaka zidayamba kuchepa, ndipo opusa adakondwera kuti mliri wapita. Akuluakulu adadziwa kuti amene atha ndi oimba ng'omawo.

Mfumu idaitanitsa bwalo. Nduna zidayankhula za nsembe, za kutseka madooko, za kusamukira ku phiri, ndipo mfumu idangomvetsera. Potsiriza adaimirira Zingalume, sing'anga wa mfumu, wa mfunda wa Mbewe. Adali munthu wamtali, wosakonda kuseka, amene pa unyamata wake adasenzapo minyanga mpaka ku Zambezi. Adaomba m'manja nati:

"Mwini dziko, ndi inu akuluakulu, mlendo uyu sabwezedwa ndi nthungo, ndipo linga salidziwa. Mizu yonse ili m'thumba langali, palibe umodzi umene amauopa. Koma kumene ndidayenda ndidaonako chinthu. Mlendoyu akabwera yekha amabwera ngati nkhondo, koma mukamuitana amabwera ngati mkamwini, amadya pang'ono mwamanyazi n'kumapita. Anthu a kumeneko amafuna wodwala amene nthomba yamugwira mopepuka, wa matuza owerengeka, amene akudya ndi kuyankhula. Amamupempha mwaulemu, natengako mafinya ndi munga, natema mphini pa mkono wa munthu wabwinobwino, napakamo. Munthuyo amadwala ndithu, ndipo ena amafa, sindikubisirani. Koma ambiri amadzuka, ndipo nthomba siwabwereranso mpaka ukalamba wawo. Ine ndemwe adanditema, chipsera chake ndi ichi."

Anthu adang'ung'udza kuti kuitana imfa m'mudzi ndi misala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mfumu idaonetsa kuti mawuwo yawakonda. Apa ndi pamene adadzuka Chamthunya, nduna yaikulu. Sindinena kuti adali munthu woipa. Adali wodziwa mibadwo, wotha kutchula amene adabala amene kufikira makolo oyamba, ndipo anthu otere amaopa banga la pa dzina kuposa manda.

"A Mbewe ayankhula za nzeru," adatero Chamthunya. "Ana a anthu wamba atemereni za wodwala aliyense. Koma mphini ndi khomo la magazi, ndipo cholowa pa mphini chasanduka mbale wa mwini thupi. Tiferanji ndi bele lotsiriza. Amene adzatuluke m'mimba mwake adzakhala pa mpando uwu. Kodi tidzagwadira mfumu imene m'mitsempha mwake muli za munthu wosadziwika mfunda, kapena za kapolo? Tamva kuti a Mbalule, mng'ono wa mfumu, akudwala ku mudzi wawo tsidya lija. Za mwanayu zikatengedwe kwa iwowo, malume ake enieni. Kupanda apo, mwana asatemedwe."

Zingalume adayesa kuchenjeza kuti nthomba ilipo ina yakuda, imene matuza ake amalumikizana thupi lonse, ndipo imeneyo ngakhale uipemphe motani imapha. Adafunsa chimene adzachite akakapeza kuti ya a Mbalule ndi yotero. Mfumu idayankha kuti chibale n'fupa, sichiola, ndipo magazi a mphwake sangaphe mwana wa mlongo wawo. Idamulamula kuti aoloke Bua ndi mabango awiri otengeramo mafinya, lina la anthu wamba, lina la Tiferanji yekha. Bwalo lidaomba m'manja, mlandu udatha.

Zingalume adapita yekha, chifukwa panalibe wina amene nthomba idamusiyapo. Ataoloka mtsinje adayenda m'minda ya mapira akucha, mbalame zikudya popanda wozipirikitsa. Dzuwa lidali paliwombo pamene adalowa m'mudzi wa Mbalule. Mbuzi zidafera pa zingwe zimene adazimangirira. M'mitondo mudali mapira omera, minsi ili pambali pomwe eni ake adaisiya. Nyumba zambiri zidali zotsekedwa kunja, ndipo sadafune kudziwa za m'katimo. Chimene chidamuimitsa tsitsi ndi agalu. Adali onenepa, atagona pa mthunzi, ndipo palibe mmodzi amene adamuuwa.

Pa denga la nyumba ya Mbalule pankatuluka kautsi. Pakhomo padakhala mkazi wina akupeta mapira. Ameneyu adali Ndaziona, mdzakazi wa Mbalule amene adagwidwa pa nkhondo ali mtsikana, ndipo panalibe amene adamufunsapo mfunda wake. Zingalume adaodira. Mkaziyo adagwada nayankha mwakachetechete kuti afike, ambuye ali m'nyumba.

Mbalule adali atakhala tsonga pa mphasa, atatsamira nsanamira, nthungo yake ili pa maondo. Adamufunditsa nsalu yabwino, ndipo patsogolo pake padali mbale ya phala lofuka nthunzi. Koma khungu lake lidali lakuda ngati mphika, ndipo fungo lidanena zonse. Munthuyo adafa kale, osati dzulo kapena dzana. Zingalume adatuluka nafunsa mkaziyo chifukwa chake akuphikira mtembo.

"Mdzakazi sanena kuti mbuye wake wafa," adayankha Ndaziona. "Ndimadikira abale awo adzanene. Pamene sanabwere, ndimaphika."

Zingalume adakhala pa khonde nthawi yaitali, mutu uli m'manja. Kutenga kanthu pa mtembo ndi ufiti weniweni, ndiponso nthomba ya Mbalule idali yakuda ija. Kubwerera chimanjamanja kudali kupereka Tiferanji kwa mliri, umene udali pafupi kuoloka mtsinje. Atakweza maso adayang'anitsitsa mkaziyo. Adali ndi matuza owerengeka pa mphumi ndi m'mikono, okhwima bwino, maso ake ali owala, manja akugwira ntchito. Nthomba yofatsa chotero sadaionepo ngakhale ku Zambezi.

Adamugwadira, iye sing'anga wa mfumu, napempha monga mwa mwambo wake. Ndaziona adafunsa kuti ndi za yani. Atamva kuti ndi za ana, adaloza pa nthochi kuseri kwa nyumba, pamene padali kamtumbira kakang'ono, nanena kuti wake ali pamenepo, ndipo ngati zimene zili pathupi lake zingasunge mwana wa wina, atenge. Zingalume adadzaza mabango onse awiri, nawatseka ndi phula, limodzi nalimanga kachingwe ka nyanda ngati la a Mbalule. Adathandizana kukumba dzenje naika mtembo uja, nazika nthungo pa mtumbira. Potsazikana adamuuza mkaziyo kuti alowere kumwera, akafune kwawo, ndipo phazi lake lisadzaponde ku linga la Chikhwaza mpaka imfa. Chifukwa chake sadamuuze, ndipo apa ndi pamene adalakwitsa.

Atafika kwawo adaima pa bwalo nanena kuti a Mbalule adawapeza ali moyo, ofooka kwambiri koma atakhala tsonga pa mphasa, ndipo atapempha adamupatsa. Adaonjeza kuti sakhulupirira kuti adzadzuka. Mfumu idalira mphwake, koma idalamula kuti ntchito iyambe. Mudzi wonse udauzidwa kuti uzizire: mwamuna asagone ndi mkazi wake, ndipo mchere m'ndiwo azithira ana aang'ono okha kufikira odwala atachira. Tiferanji adatemedwa poyamba, Chamthunya akuyang'anitsitsa kuti bango ndi lomwe lija la kachingwe. Kenaka adatsata ana ena, ndipo matuza awo atakhwima adatemera akuluakulu, mkono kupatsira mkono.

Tiferanji adatentha thupi mpaka kubwebweta. Msekaimfa sadachoke pa mphasa ya mwana wake, ndipo Zingalume adakhala pa khonde osadya. Kenaka matuza adatuluka, owerengeka, pa mphumi ndi m'mikono. Adauma, nkhanambo zidagwa, ndipo tsiku lina mwana adapempha mbatata yootcha. M'mudzimo adafamo ena, makamaka okalamba, koma mliri weniweni utaoloka Bua udasesa midzi yoyandikana nulambalala linga la Chikhwaza. Anthu adatamanda Zingalume, ndipo koposa adatamanda magazi a Mbalule amene adasunga mbumba yawo. Chamthunya ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Koma mlandu suola. Nthawi ya kupsa kwa tchire, masana ena, pa chipata cha linga padafika mkazi woonda, mapazi ong'ambika, atanyamula nthungo ya Mbalule. Adali Ndaziona. Adamutengera ku bwalo, ndipo adafotokoza atagwada kuti adayesadi kulowera kumwera, koma kumbuyo kwake kunkamveka munthu woyenda ndi ndodo, dzuwa likuswa mtengo. Iye akaima, mapaziwo ankaimanso. Akacheuka, njira idali yokhayokha. Adazindikira kuti mbuye wake akufuna nthungo yake ifike kwawo, choncho adabwerera ku mudzi wakufa uja nakaizula. Kuyambira pamenepo mapaziwo ankamveka patsogolo pake.

Chamthunya adamuyamikira, ndipo pofuna kudziwa za maliro a munthu wamkulu, adafunsa kuti a Mbalule adatsirizika liti sing'anga atachoka. Mkazi wosalakwayo adadabwa ndi funsolo. Adayankha kuti ambuye adaleka kudya phala kalekale sing'anga asanafike, ndipo ndi sing'angayo amene adamuthandiza kuwaika.

Chamthunya adaimirira pang'onopang'ono, ndipo mawu ake adatuluka olemera.

"Mwini dziko, apa pali njira zitatu, yachinayi palibe. Ngati a Mbewe adatenga pa mtembo, ndi mfiti, ndipo mwana ali ndi za kumanda m'thupi mwake. Wotero sakhala pakati pa anthu, amakasiyidwa ku msitu wa manda. Ngati adatenga kwa mdzakazi uyu, adanamiza mfumu, ndipo mwana wasanduka mbale wa kapolo. Wotero sabala mfumu, amapita kumene amapita akapolo. Koma ngati a Mbewe adanena zoona, mkazi uyu ndi wabodza, ndipo mwana alibe banga. Ine sindikondwera ndi mawu awa. Mwambo sindidaupange ndine."

Msekaimfa adakokera Tiferanji pachifuwa chake. Mfumu idatembenukira kwa Zingalume, nkhope yake itatuwa, nimufunsa kuti anenenso pamaso pa anthu mmene adamupezera mphwake.

Pano mtima wanga umawawa nthawi zonse ndikafikapo, ndipo sindidziwa ngati ndimudzudzule munthuyu kapena ndimulire. Zingalume adayang'ana mwana amene adamulanditsa, adayang'ananso mkazi amene adapereka chipulumutsocho. Kenaka adayang'ana pansi.

"Ndidawapeza ali moyo," adatero.

Ndaziona adatsegula pakamwa ngati ayankhe. Maso ake adapita kwa Zingalume, kwa mfumu, nakaima pa kamtsikana kokhala ndi zipsera zowerengeka pa mphumi, pamalo omwewo pamene padali zake. Apa ndi pamene adamvetsa kumene kudapita mabango aja, ndi chifukwa chake adauzidwa kuti asadzabwere. Adatseka pakamwa. Popeza mawu a mdzakazi adatsutsana ndi a mfulu, bwalo lidagamula kuti mdzakaziyo amwe mwavi.

Mwavi ndi khungwa la mtengo wa poizoni limene makolo ankati limadziwa mtima wa munthu. Wonena zoona akamwa amasanza napulumuka, wabodza amausunga m'mimba nafa. M'mawa mwake mudzi wonse udasonkhana kunja kwa linga. Mapondera, mkulu wosinja mwavi, adasinja khungwalo pa mwala nalisungunula m'chikho. Ndikuuzani kuti mwa anthu onse amene adaima pamenepo, ochepa ndi amene ankakhulupirira kuti mkaziyo ndi wabodza. Ankadikira ndi mantha kuti asanza, ndipo akasanza, Tiferanji wapita.

Asanamwe, Ndaziona adapempha chinthu chimodzi, kuti aone mwanayo pafupi. Chamthunya adafuna kukana, koma Msekaimfa adabwera naye yekha. Mdzakaziyo adagwira kamkono kaja, nasisita chipsera cha mphini ndi chala chake.

"Chapola bwino," adatero. "Koma uzidya, mwanawe, waonda."

Adalandira chikho ndi manja awiri namwa mpaka pansi. Adayendayenda pa bwalopo monga amachitira omwa mwavi, anthu atamuzungulira patali. Dzuwa litakwera, thukuta lidayamba kumutsika, ndipo m'mimba mwake mudayamba kuwinduka. Mapondera, amene adaonapo ambiri, adafutukira m'mbuyo kuti ampatse malo, chifukwa adadziwa kuti uyu asanza.

Ndaziona adagwada. Mapewa ake adanyamuka, khosi lidatupa, ndipo masaya adadzaza masanzi. Pamenepo adagwira pakamwa ndi manja onse awiri, kukanikiza mwamphamvu mpaka zikhadabo zidalowa m'masaya, nameza. Zidabweranso, namezanso. Misozi inkatuluka, timadzi tina tinkadontha m'mphuno, koma manja sadawachotse. Aliyense adaona kholingo lake likukwera ndi kutsika.

Mapondera adayang'ana mfumu kuti inene kanthu, chifukwa mwavi udali utayankha kale. Mfumu idayang'ana pansi. Chamthunya adatembenuzira nkhope ku mapiri. Msekaimfa adaphimba maso a mwana wake, koma ake sadawatseke. Panalibe wokhosomola ngakhale mmodzi, ndipo khamu lonselo lidangoima chilili kumvera munthu akumeza. Dzuwa lisanapendeke, Ndaziona adagwera cham'mbali, manja akadali pakamwa.

Chamthunya ndiye adayenera kulengeza. Adanena kuti mwavi wagwira wabodza ndipo bele la mfumu lilibe banga, koma mawu ake adali aang'ono moti a kumbuyo sadawamve, ndipo panalibe woomba m'manja. Wofa ndi mwavi saikidwa m'manda. Adamukokera ku nkhalango nakamusiya kumeneko. Zingalume adatsatira okokawo, ndipo iwo pobwerera adamusiya atakhala pambali pa mtembowo akuingitsa ntchentche.

Zingalume adakhala ndi moyo mpaka imvi. Nthomba ikamveka kwinakwake ankapitako yekha ndi lumo lake, ndipo luso la nthomba yopempha lidafala midzi yambiri chifukwa cha iye. Koma pa bwalo la mbawa sadayankhulenso, ndipo amati poyenda ankaimaima n'kumacheuka ngati wina akumutsatira. Chikhwaza sadalolenso mwavi m'dziko lake, ndipo chifukwa chake palibe adamufunsa. Tiferanji adakula, adabala ana aamuna ndi aakazi, mbumba idaphukanso, ndipo mafumu onse a mpando umenewo adatuluka mwa iye.

Otchula mibadwo pa bwalo amanenabe kuti Tiferanji adapulumuka ndi magazi a malume ake Mbalule, ndipo amuna amagwedeza mitu kuvomereza. Asiyeni atero, pepani sapoletsa chilonda, nanga bodza lingapoletse? Koma mfumu yatsopano ikamalowa ufumu, amayi a mbumba amatsalira m'mbuyo gule ali mkati, napita masana ku nkhalango ina kumene kulibe manda ngakhale amodzi. Kumeneko amagwada, nathira ufa pansi, dzanja lina atagwira pakamwa. Atsikana amene apita koyamba akafunsa kuti nsembeyo ndi ya yani, akuluakulu amawayankha kuti ndi ya amayi athu.